Foni, bridge, DSLR yakale kapena mirrorless: yonyamula pa ulendo wa pa galimoto ndi iti?

Anzanga angapo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: akufuna kuyamba kujambula zithunzi mongosangalatsidwa, kutsogoloku kuli ulendo wautali wa pa galimoto, ndiye agule chiyani? Kulemba yankho lomwelomwelo pa WhatsApp kwanditopetsa, choncho ndiliika pano kamodzi n'kamodzi. Zimene amasinkhasinkha ndi zinayi: foni imene ali nayo kale, kamera ya zoom yaitali yosachotsa lenzi imene amaitcha bridge, DSLR (kamera yosintha malenzi yokhala ndi kalilole m'kati) yogula kwa munthu amene anaigwiritsapo ntchito, ndi mirrorless (yosinthanso malenzi koma yopanda kalilole). Za mamegapikiselo sindinenapo kanthu. Zonse zinayi zili ndi okwanira, ndipo ogulitsa anakuimbirani kale nyimbo imeneyo.

Ndiyamba ndi bridge chifukwa ndimaisungira chakukhosi. Imeneyi ndiyo imakola aliyense wongoyamba kumene. Pa bokosi alembapo 60x, 83x, ina mpaka 125x, kenako wogulitsa amakuonetsani chithunzi cha mwezi wodzaza sikirini yonse. Mumtima mumati basi, mbalame, nyama zakutali, nsonga za mapiri, zonse ndathana nazo ndi kamera imodzi. Chimene sakuuzani n'chakuti zoom yotalika chonchi imakwana m'kamera yonyamula m'manja chifukwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kaja, anaichepetsa kwambiri. M'makamera ambiri a mtunduwu sensa ndi ya mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi. Ya DSLR wamba, imene amati APS-C, ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6, kutanthauza kuti malo ake olandirira kuwala ndi aakulu mwina ka 13. Ngakhale mafoni ambiri apamwamba a masiku ano ali ndi sensa yoposa ya bridge pa kamera yawo yaikulu.

Vuto silithera pomwepo. Mukamatalikitsa zoom, kabowo kolowetsa kuwala, aperture, kamanka kachepa. Munayambira pa f/2.8 kapena f/3.5, kumapeto mwafika f/6.5 kapena f/8 (nambala ikamakula, kabowo kakuchepa). Pa utali umenewo kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaoneka kwakukulu. Lamulo lakale la ojambula limati liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kufike pa sensa, lilingane ndi utali wa lenzi, ndiye pa 1200mm mukufunika 1/1200 ya sekondi. Chochepetsa kugwedezeka chimene chili m'kameramo chimathandizako ndithu, koma chimangokonza za dzanja lanu, sichiuza mbalame kuti ikhale phee.

Pa ulendo wa pa msewu zimenezi zimakupanikizani mbali zonse ziwiri. Dzuwa lili paliwombo kuwala kulipo kokwanira, koma mpweya wotentha umakhala ukuvina pamwamba pa nthaka ndi pa tala, ndipo chilichonse chakutali chimatuluka chopindikapindika. Palibe lenzi imene ingachotse zimenezo. Madzulo mpweya ukadekha, mitundu n'kuyamba kukongola, kuwala kumakhala kwachepa. Kamera imakweza yokha ISO, mlingo wa mmene imawalitsira chithunzi kuwala kukachepa, timadontho n'kuchuluka, ndiyeno pofuna kufufuta timadonthoto imafufutira limodzi ndi timizere tonse ta chinthu chimene mumajambulacho.

Bridge yanga inandionetsa zimenezi pa chiwombankhanga chimene chinatera pa mtengo wouma m'mbali mwa msewu, dzuwa litapendeka. Tinaima, injini tinazimitsa kuti galimoto isamanjenjemere. Ndinakankha kabatani ka zoom, kamota n'kumalira, lenzi ikutuluka mosathamanga ngakhale pang'ono. Pofika kumapeto mbalame inali itasowa, ndikungoona nthambi ndi thambo. Ndinabweza, ndinaipeza, ndinatalikitsanso. Inandidikira ndithu mbalame ija. Pa kasikirini ka kamera zithunzi zinkaoneka zabwino zedi. Nditazitsegula pa kompyuta, nthenga zonse zinali zitasungunuka ngati utoto umene mvula yaupeza usanaume. Kuyambira pamenepo nambala ya zoom ya pa bokosi sindiiwerenganso.

Ndisawanamizire onse. Alipo ma bridge a sensa yokulirapo, ya 13.2 ndi 8.8, monga Panasonic FZ1000 ya 2014 imene imafika 400mm, kapena Sony RX10 IV ya 2017 imene imafika 600mm ili pa f/4. Amenewo ndi nkhani ina. Koma onani kuti zoom yawo ndi yaifupi kusiyana ndi aja a 83x, ndipo si amene wongoyamba amaonetsedwa m'sitolo akanena kuti ndalama zake n'zochepa.

Foni ndiiyamikire kaye. Chithunzi chojambulira pa windo galimoto ikuyenda, palibe pa zinayizi imene imaiposa kufulumira. Ili m'thumba, mwaitulutsa, mwajambula. Mukaloza kumene kuli thambo lowala kwambiri ndi chigwa chamthunzi, foni imajambula zithunzi zingapo m'kaphindi n'kuziphatikiza, ndiye kumwamba ndi pansi kumaoneka bwino konse. DSLR kapena mirrorless pamalo omwewo imakupatsani thambo loyera mbee kapena chigwa chakuda bii mpaka mutadziwa kukonza nokha. Foni imasunganso malo amene munajambulira, ndipo mukabwerako mudzathokoza, chifukwa mapiri a tsiku lachitatu ndi a tsiku lachisanu amasokonekera m'mutu.

Pamene imandikhumudwitsa ndi pa mapiri omwewo. Kamera yaikulu ya foni imaona motambalala, ngati lenzi ya 24mm mpaka 26mm. Phiri limene linakudzazani m'maso mpaka kumuuza woyendetsa kuti aime, pa chithunzi limatuluka kachitunda kakang'ono pakati pa thambo lambiri ndi msewu wambiri. Mukakoka sikirini ndi zala kupitirira pamene malenzi ake amathera, foni ikungodula chithunzi n'kuchikulitsa. Komanso foni yomweyo ndiyo ikuonetsa njira, ndiyo ikuimba nyimbo, yakhala padzuwa pafupi ndi galasi lakutsogolo, yatentha, sikirini yadzichepetsa kuwala yokha. Ndipo kwa munthu wofuna kuphunzira, foni imachita zambiri osakufunsani. Pa mafoni ambiri aperture sisintha n'komwe. Kakhazikitsidwe ka chithunzi ndi kuwerenga kuwala mungaphunzirepo bwinobwino, koma kulimbana kwa aperture, shutter ndi ISO simudzakumva m'zala.

Mirrorless ndiyo ili m'fasho, ndipo pali zifukwa zake. Inayamba ndi Panasonic G1 mu 2008, Sony inabweretsa A7 mu 2013, ndipo pofika 2018 Canon ndi Nikon analowamo mwamphamvu ndi EOS R ndi ma Z. Pa kuphunzitsa, ndivomereze ngakhale mtima wanga uli kwina, imeneyi ndiyo mphunzitsi wabwino. Mukaika diso pa kazenera kosuzumira mumaona chithunzi mmene chitulukire. Mukapotokola gudumu la shutter, chithunzi chimada kapena kuwala pomwepo musanadine. Zatsopanozi zimatsatira diso la munthu, zina la mbalame, ndipo zambiri zimatchajidwa ndi USB m'galimoto momwemo.

Koma mtengo umene mumauona pa shelefu si umene mudzalipire. Kamera imabwera ndi lenzi yaifupi, ndipo tsiku loyamba la ulendo mudzazindikira kuti mukufuna yaitali. Malenzi atsopano a mirrorless, ngakhale ogula kwa wina, sanatsike mtengo ngati a DSLR. Batire nalo limatha msanga chifukwa sensa ndi sikirini zimakhala zoyaka nthawi yonse. Pa muyeso wa CIPA, umene opanga makamera amayezera batire, mirrorless ya Sony a6000 imajambula zithunzi pafupifupi 360 pa batire limodzi, pamene DSLR ngati Nikon D3500 imafika 1,550. Ndiye onjezani batire lachiwiri pa mtengo uja.

Chinanso ndi fumbi, ndipo pa ulendo wa pa msewu nkhani imeneyi si yaing'ono. Mukachotsa lenzi pa ma mirrorless ambiri, sensa imakhala poyera, ikukuyang'anani. Zina zatsopano zimatseka shutter mukazimitsa, koma zotsika mtengo zambiri sizitero. Kafumbi kamodzi kakakhala pa sensa sikaoneka pa f/4. Kamadzaonekera pa f/11 kapena f/16, pamene mukujambula malo otambalala okhala ndi thambo lalikulu, zithunzi zenizeni zimene munanyamukira ulendowo. Kamatuluka kadontho kotuwa, pamalo amodzimodzi, pa chithunzi chilichonse kuyambira tsiku limenelo mpaka kubwerera. Kuti mudziwe ngati kalipo, ikani f/16, jambulani thambo kapena khoma loyera, n'kukulitsa. Kochotsera ndi kampira kopopera mpweya. Musapemerere ndi pakamwa, malovu ndi oipa kuposa fumbi.

Tsopano DSLR yakale, imene ine ndili kumbali yake ndipo sindibisa. Popeza opanga akuluakulu anatembenukira ku mirrorless, anthu ambiri akugulitsa ma DSLR awo pamodzi ndi malenzi, ndipo wongoyamba ndiye amapindula. Sensa ndi ya APS-C yomweyo imene ili mu ma mirrorless ambiri. Kazenera kosuzumira ndi ka magalasi enieni, ndiye dzuwa liwale bwanji mumaona bwinobwino, ndipo sikadya batire. Mungaisiye yoyatsa pamiyendo tsiku lonse, ikagona imadzuka mukangokhudza batani. Mukachotsa lenzi, kutsogolo kwa sensa kuli kalilole ndi shutter yotseka. Fumbi limalowabe, koma silifika msanga. Ndi yolemerako, inde, koma ikunyamula ndi galimoto, si khosi lanu.

Nayonso ili ndi timisampha take. Funsani kuti shutter yadina kangati. Za ongoyamba zambiri anazipangira pafupifupi 100,000, ndipo nambalayo pa makamera ambiri imapezeka m'faelo ya chithunzi kapena ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Walitsani tochi m'lenzi muone ngati muli chuku, timizere tooneka ngati ulusi m'kati mwa galasi. Lenzi yotero isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Ma DSLR ambiri satchajidwa ndi USB, ndiye gulani kachaja ka batire kolowa pa USB musananyamuke. Amene mwasankha Nikon za D3000 ndi D5000 ndi zinzake zotsatira, dziwani kuti zilibe mota yoyendetsa malenzi akale a AF-D. Lenzi ikwana ndithu, koma fokasi muzichita ndi dzanja. Funani zolembedwa AF-S. Ndipo pa kazenera kosuzumira simuona mmene chithunzi chitulukire ngati pa mirrorless: mumajambula, mumayang'ana kumbuyo, mumakonza, mumajambulanso. Ena zimawatopetsa. Ine ndimaona kuti kulakwitsa kotereku kumakhazikika m'mutu.

Pali ndalama ina imene imabisala pa kamera zonse zojambula RAW, mafaelo a zithunzi amene kamera sinawakonze. Mafaelo amenewa amafuna pulogalamu yowakonzera, ndipo yotchuka kwambiri, Lightroom, imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Simukakamizidwa. Canon amapereka Digital Photo Professional mwaulere, Nikon ali ndi NX Studio, ndipo darktable ndi RawTherapee ndi zaulere kwa aliyense.

Ndiye anzanga aja ndimawauza chiyani? Musasankhe pakati pa foni ndi kamera, zigawireni ntchito. Gulani DSLR ya APS-C yogwiritsidwapo kale ntchito, muikepo lenzi yaitali, 55-200mm, 55-250mm kapena 70-300mm, ndipo lenzi imeneyo musaichotse ulendo wonse. Zotambalala zonse, za pa windo, za anzanu m'galimoto, za thambo la madzulo, isiyireni foni, ndiyo ntchito imene imaidziwa. Kamera ikhale ya zimene foni imalephera: phiri lija kuti lidzaze chithunzi, mizere ya zitunda yosanjikizana kutali, mbalame pa waya, nkhope ya mnzanu kumbuyo kutasungunuka bwino. Mukatero simusintha lenzi pa fumbi, ndiye nkhani ya madontho yachepa. Pa APS-C, 300mm imaona ngati 450mm kapena 480mm pa muyeso umene amalembera zoom ya bridge, ndipo popeza sensa ndi yaikulu mungadule chithunzi pa kompyuta chikhalebe chakuthwa kuposa cha bridge ija. Ngati zakakamiza kusintha lenzi, chitirani m'galimoto, mawindo otseka, fani yozimitsa, kamera itayang'ana pansi.

Amene ndalama zilipo ndipo mukudziwa kuti chizolowezichi simuchisiya, gulani mirrorless, sindikukanizani, njira yake ndi yomweyi ya lenzi imodzi yaitali. Bridge ya sensa yaing'ono yokha ndiyo sindingauze munthu kuti agule, pokhapokha ngati chimene akufuna ndi umboni chabe wakuti mbalame yakutiyakuti anaionadi.

Masiku oyamba ikani gudumu pa S, kapena Tv pa Canon, pamene inu mumasankha liwiro la shutter. Galimoto ikuyenda yambirani pa 1/1000, lozani zakutali kapena zakutsogolo chifukwa udzu wa m'mbali mwa msewu umathamanga kwambiri, ndipo lenzi isagunde galasi kapena chitseko poopa kunjenjemera. Fyuluta ya polarizer, yochepetsa kunyezimira, ichotseni mukamajambulira kuseri kwa windo, imaonetsa mawangamawanga a m'galasi la galimoto. Mukaima n'kutsika, sinthirani ku A kapena Av, pamene mumasankha aperture, muyese chinthu chimodzi pa f/5.6 kenako pa f/11, muone kusiyana kwake usiku mukafika kogona. Kamera musaisiye pa mpando wa galimoto yoimikidwa padzuwa, batire ndi kutentha sizigwirizana. Ndipo gwirizanani ndi woyendetsa musananyamuke kuti muziima kangati komanso malo otani, chifukwa pokhota ndi pamwamba pa chitunda ndi pamene pamaoneka zokongola, ndiponso ndi pamene galimoto yakumbuyo singakuoneni.