Mbewu za Erodium zogula pa intaneti: n'zenizeni, koma si za kunyanja kuno

Paketi inafika yomata bwino, ndipo dzina lolembedwa pamwamba, Erodium stephanianum, silinali labodza. Pamenepo wogulitsayo ndimuyamikire, poti ambiri ogulitsa mbewu za maluwa pa intaneti umaitanitsa china, iwo n'kukutumizira china.

Chimene sananene n'chakuti kachomera aka kwawo ndi kumpoto kwa China, Mongolia ndi Siberia. Kamamera kokha m'madambo a udzu, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa minda, kumene nthaka imachita kuundana m'nyengo yozizira. Kali ndi muzu umodzi wozika pansi umene umapirira chisanucho, kenako n'kuphukanso chaka chotsatira. Ndiye kachomera kotereka mukakaike pamchenga wa ku Senga Bay?

Ndinafesa m'miphika mu June, mwera ukuwomba, ndipo zinamera ndithu: masamba ong'ambikang'ambika aubweya, tsinde lotsamira pansi, timaluwa tofiirira ta timasamba tisanu. Si maluwa oti munthu angaime pamsewu kuwasirira, ayi. Dzuwa la October litafika zinafota zonse, ngakhale ndinazisunthira pamthunzi wa mtengo wa mango n'kumathirira m'mawa ndi madzulo.

Komabe ndalama yanga sindikuilira, chifukwa cha njere zake. Chipatso chake n'chachitali chosongoka, ndipo chikauma chimagawika pasanu, njere iliyonse ndi kamchira kake. Kamchirako kakauma kamapotana, kakanyowa kamatambasuka, ndipo pochita zimenezi kamakankhira njere m'dothi ngati sikuluwu ikulowa m'thabwa. Palibe woikwirira, imadzikwirira yokha. Ndinatengera zingapo m'kalasi (ndimaphunzitsa Biology, paja), n'kudonthezapo madzi. Ana a Fomu 2, amene amasinza ndikamafotokoza za kufalikira kwa mbewu, anaunjikana patebulo mpaka kukankhana. Mtsikana wina anati, "Madamu, muli kachilombo m'katimo." Ndinachita kumupatsa njere youma kuti aipende yekha.

Aphunzitsi anzanga, gulani paketi imodzi mugawane, chifukwa mtengo wake pamodzi ndi ndalama yotumizira ndi wokwera. Ofuna zokongoletsa pakhomo kuno ku Salima, ndalamayo gulirani bougainvillea. Njere zanga zotsala ndapatsira mlamu wanga wa ku Dedza, kumene kumazizira, akayese mwayi wake.