Ndemanga: ulendo wa tsiku limodzi wokwera phiri la Chombe kuchokera ku Mzuzu

Ndakhala mu Mzuzu zaka 6, ndipo nthawi yonseyi mapiri a kumpoto kuno ndinkangowaonera pa zenera la basi popita ku Karonga. M'mwezi wa June, ine ndi mkazi wanga pamodzi ndi anzathu anayi a kumpingo tinalipira gulu lina la achinyamata a mumzinda uno amene amakonza maulendo okwera mapiri, kuti atitengere ku phiri la Chombe, kufupi ndi Livingstonia, kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Tinagwirizana kuti iwo apeze galimoto, munthu wotitsogolera, madzi akumwa ndi chakudya chamasana, komanso kuti pobwerera atipatutsire ku mathithi a Manchewe ndi ku Stone House, nyumba yakale yamiyala ya pa mishoni ya Livingstonia. Theka la ndalama tinatumiza pa Airtel Money kutatsala sabata, ndipo zotsalazo tinapereka tsiku lonyamuka.

Ndiyambe ndi zimene zinandikhumudwitsa, chifukwa ndi zimene zinasokoneza tsiku lonse. Anatiuza kuti tikumane ku Katoto nthawi ya 4 koloko m'mawa, ndipo aliyense wodziwa kuzizira kwa Mzuzu mu June amvetsa kuti kuima pamsewu nthawi imeneyo si chinthu chapafupi. Galimoto inafika 5:30, ndipo inali minibasi. Pa msewu wa M1, kudutsa Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi mpaka kutsika Chiweta, minibasiyo inayenda bwino, koma titafika pa Chitimba dalaivala ananena mosabisa kuti sangaikweze pa msewu wa Gorodi, wokwera phiri kupita ku Livingstonia. Sindimuimba mlandu, pakuti msewuwo ndi wamiyala, wopapatiza, ndipo uli ndi makona 20 okhota kwambiri m'mphepete mwa phompho. Mlandu ndi wa okonza ulendo, amene anayenera kudziwa zimenezi asanalandire ndalama zathu. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu kuti papezeke galimoto ya matola yotikweza, moti kuyenda pansi tinakuyamba 10 koloko itadutsa, dzuwa litakwera kale.

Chimene chinapulumutsa ulendowu ndi bambo amene anatilandira pamwamba, mwana wa ku Khondowe komweko, kumene kuli Livingstonia, wa zaka za m'ma 50. Atationa sanathamangire kunyamuka ngakhale tinali titachedwa. Anayamba wayang'ana nsapato za aliyense, anafunsa ngati pali wodwala mphumu kapena wa vuto la kuthamanga kwa magazi, kenaka anadula ndodo ziwiri n'kupatsa amayi awiri amene tinali nawo. Kwa mkazi wanga anati, “Amama, inu muziyenda pambuyo panga penipeni, ndipo mukamva befu munene, musachite manyazi.” Kuyambira pamenepo liwiro la gulu lonse linali la munthu wotopa kwambiri pakati pathu, ndipo sindinamuonepo akuonetsa nkhope yotopa nafe.

Gawo loyamba la njira limadutsa m'midzi ndi m'minda ya chinangwa, nthochi ndi khofi. Pakhomo lililonse bamboyo ankapereka moni m'Chitumbuka, ndipo anatiphunzitsa kunena “monire” ndi “yewo” kuti tisadutse pabwalo la eni ake ngati anthu osaleredwa. Khalidwe limeneli ndinaliyamikira kwambiri, chifukwa njirayo ndi ya anthu opita kumunda ndi kotunga madzi, ndipo ife tinali alendo chabe. Tili m'njira anatifotokozera kuti khofi wa m'mapiri a Phoka ndi mmodzi mwa khofi amene timagula m'masitolo ndi dzina la Mzuzu Coffee. Anatikumbutsanso kuti mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo Dr Robert Laws anadzaikhazika pa Khondowe mu 1894 pothawa malungo a m'mphepete mwa nyanja. Mbiriyi ndinaiphunzira kusukulu, koma ndinaimvetsa bwino tsiku limenelo, nditamva ndi thupi langa kusiyana kwa kutentha kwa pa Chitimba ndi kamphepo kozizira ka pamwamba.

Midzi ikatha, njira imalowa m'nkhalango ya miombo ndi masuku, ndipo chitunda chenicheni chimayambira pamenepo. Malo ena tinkagwira mizu ndi miyala pokwera, ndipo udzu wouma unali woterera kuposa mmene ndinkaganizira. Apa ndi pamene kuchepa kwa madzi kunaonekera. Aliyense anapatsidwa botolo limodzi la lita imodzi, madzi amene sangakwanire munthu woyenda maola 6 padzuwa, moti tisanafike pansonga ena anali atamaliza kale. Bokosi la chithandizo choyamba panalibenso. Mkazi wanga atatuluka matuza kuchidendene, pulasitala anachokera m'thumba la bambo wotitsogolera uja, amene anati amagula ndi ndalama zake.

Pansonga tinafika cha m'ma 1:30 masana, ndipo zimene tinaona sindidzaziiwala. Phirilo limathera mwadzidzidzi pa thanthwe, ndipo pansi pake, kutali kwambiri, pali nyanja ya Malawi yotambalala mpaka kumene maso amalekezera. Tinkaona mchenga wa ku Chitimba ngati kansalu koyera, mabwato a asodzi ngati timadontho, ndi msewu wa M1 ukutsata gombe kulowera ku Karonga. Kutsidya kunkaoneka mapiri a ku Tanzania, ndipo kumbuyo kwathu kunali zitunda za Nyika. Pakati pa nyanja panali chinthu chonga utsi wokwera m'mwamba, chimene mnzathu wina anayesa moto wa m'sitima, koma bamboyo anati ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji ndipo anthu a kunyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Anatiuzanso kuti tinasankha mwezi wabwino, popeza pofika September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonsezi. Pamalopo palibe mpanda wotchinga, choncho iye anaika ndodo yake pansi n'kunena kuti wina asadutse pamenepo ngakhale pojambula zithunzi, ndipo anaima pomwepo mpaka tonse titabwerera m'mbuyo.

Chakudya chinali chabwino ndiponso chokwanira: mpunga, nkhuku yokazinga ndi nthochi, zonse zosungidwa mwaukhondo m'makontena otseka.

Kutsika kunatipweteka mawondo kuposa kukwera, ndipo pamene tinkafika pamsewu dzuwa linali litapendeka. Ku Stone House sitinapite n'komwe. Mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125 ndipo kuseri kwake kuli phanga limene anthu akale ankabisalamo pothawa adani, tinangowasuzumira kwa mphindi zochepa, chifukwa dalaivala wa matola sanafune kutsika Gorodi mumdima. Mu Mzuzu tinalowa 10 koloko ya usiku.

M'mawa mwake ndinaimbira foni mtsogoleri wa gululo n'kumufotokozera zonsezi. Anavomera kulakwa popanda kukangana nane, anapepesa, ndipo anatibwezera ndalama zimene tinalipira pa galimoto ya matola, chinthu chimene chinandipatsa chikhulupiriro kuti achinyamatawa akufuna kuphunzira ntchito yawo. Ndinamuuza kuti ndidzayendanso nawo mu July chaka chamawa, koma pokhapokha titakagona ku Livingstonia usiku woyamba kuti tidzayambe kukwera 6 koloko m'mawa, aliyense atanyamula malita atatu a madzi, ndipo wotitsogolera adzakhale bambo yemwe uja wa ku Khondowe.