Galimoto yanga yakale patatha miyezi yambiri: zogwirizira zomwe zalimba ndi zomwe zakana

Nditangoigula ndinaiyamikira kuti ndi yosavuta: ya petulo, ya kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), magiya apamanja, yopanda kompyuta iliyonse, moti munthu wokhala ndi masipanala ochepa angathe kuisamalira yekha. Pano chaka chili pafupi kukwana. Mawu aja sindikubweza, koma ndionjezerepo kuti galimotoyi siyodalirika, ndipo imayenda chifukwa ndimaitsegula boneti pafupifupi tsiku lililonse.

Vuto loyamba linali kukana kulira m'mawa. Ndikapotoza kiyi, sitata inkangogunda kamodzi n'kukhala chete. Aliyense ankati batire yatha. Nditaiyeza ndi mita inaonetsa mavoti 12.6, omwe ndi a batire yodzaza, ndipo injini ikalira ankakwera kufika cha m'ma 14, kusonyeza kuti alternator ikutchaja bwino. Vuto linali pamitu ya batire pomwe panaunjikana zoyerayera zija, komanso waya wa earth, wolumikiza batire ku thupi la galimoto, amene anadyeka ndi dzimbiri. Ndinatsuka mituyo ndi madzi osakaniza soda, ndinaipala mpaka kuwala, n'kuonjezera waya wina wonenepa kuchoka pa batire kukafika pa injini. Zimenezi zalimba mpaka lero. Sitata ndiyo imakakamirabe masiku ena chifukwa ma brush ake anaperepeseka. Kuigogoda pang'ono ndi sipanala wina akupotoza kiyi kumaidzutsa, ndipo zikakanika timaikankha n'kuiliza pa giya yachiwiri.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Paipi yamphira yapamwamba pa rediyeta inang'aluka ndili pakati pa ulendo, nthunzi ili tolotolo. Ndinadikira injini izizire, chifukwa kutsegula chotsekera cha rediyeta injini ili moto n'kudziwaula nkhope ndi manja. Kenako ndinakulunga pong'alukapo ndi mphira wa chubu, ndinamanga ndi waya, n'kuthira madzi. Chotsekera chija ndinangochikhazika osachimanga kwathunthu. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire pa madigiri 100 monga amachitira pamtetete. Ukachimasula, chigamba sichiphulika, koma madzi amawira msanga. Choncho ndinayenda pang'onopang'ono, heater ili yotsegula mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha, maso ali pa geji ya kutentha. Ndinafika. Koma mphira wa chubu sulimba pa kutentha kotere, unayamba kufewa ndi kuchucha pasanapite masiku, ndipo ndinagula paipi yatsopano. Chigamba chotere n'chokufikitsa kunyumba basi.

Ena anandilangiza kuti ndichotse thermostat, kavavu kotsekereza madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itafunda, ati galimoto isiya kutentha. Ndinakana. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, pamene chomwe chikuitenthetsa chikadalipo. Kwa ine chinali rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri komanso fan belt yolefuka. Injini ikatentha mobwerezabwereza, chomwe chimapsa ndi head gasket, chomatira chapakati pa mutu ndi thupi la injini, ndipo ikapsa madzi amatha kulowa mu oilo, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimasolola dipstick kuona ngati oilo sanayere ngati mkaka.

Zing'onozing'ono ndi zambiri ndipo sizindisowetsa tulo. Ekizozi ikulendewera pa waya kuyambira pomwe mphira wake unaduka, ndipo sinagwepo. Galasi la chitseko chakumbuyo ndinalichirikiza ndi kamtengo m'kati mwa chitseko, silitsika koma mvula silowa. Bampala yagwidwa ndi ma cable tie. Kabureta ikatsekeka ndimaimasula n'kupemerera ma jet, timabowo todutsa mafuta, osawatokosa ndi waya, poti kabowo kakakula mafuta amapita ambiri.

Pali malo ena pomwe sindilola zogwirizira ngakhale zitavuta bwanji. Fiyuzi ikapsa sindiikapo waya kapena kapepala konyezimira. Fiyuzi ya 15 amps imapsa dala kuti mawaya asayake, ndipo ikapsa kawiri ndiye kuti pena pake waya wasupuka, pofunika kupafufuza. Paipi ya petulo sindiikulunga ndi tepi, chifukwa petulo amasungunula ulimbo wake ndipo dontho limodzi pa ekizozi yotentha ndi moto. Mabuleki ndi chiwongolero ndiye nkhani ina. Paipi ya mabuleki itayamba kunyowa, galimoto inaima pakhomo mpaka makaniko ataikamo yatsopano n'kutulutsa mpweya. M'galimotomu mumakwera ana anga, ndipo pamsewu pamayenda ana a eni. Matayala nawo ndimawerenga manambala anayi a m'mbali aja, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe tayala linapangidwa, chifukwa tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka abwino.

Kodi ndingalangize wina kugula yotere? Ngati mumafunika kufika pantchito nthawi yake tsiku lililonse ndipo simukonda kudetsa manja, ayi, idzakuliritsani. Ngati muli ndi mtima wodekha ndipo mungamayende ndi masipanala, pulayala, waya, mafiyuzi, fan belt yapadera ndi chigubu cha madzi m'buti, ikutumikirani. Ine sindikuigulitsa. Ndikusonkha ndalama zokonzetsera sitata, ikadzatha imeneyo ndidzaona za ekizozi.