SIBO: Kusala zakudya kapena kupita kwa dokotala?

Mabakiteriya akachulukana m'matumbo aang'ono (vuto lotchedwa SIBO), mimba imatupa ndipo munthu amangokhala wofooka. Ambiri amayamba n'kusala anyezi, adyo ndi nyemba. Zimathandizadi, mimba imaphwako. Koma mabakiteriyawo amakhala akadalipo, ndipo kutopa kungakule poti amalanda vitamini B12 thupi lisanamulandire.

Kwa dokotala amakumwetsani madzi a glucose kapena lactulose (mitundu ya shuga), kenako n'kuyeza hydrogen ndi methane (mipweya yomwe tizilombo ta m'matumbo timapanga) mu mpweya womwe mukutulutsa. Vutolo likapezeka, kawirikawiri amapereka mankhwala opha mabakiteriya otchedwa rifaximin kwa masiku 14. Limabwereranso mwa anthu ambiri, n'zoona, komabe ine ndingasankhe njirayi: dokotala amayezanso magazi n'kufufuza chomwe chikuchedwetsa matumbo, kaya ndi matenda a shuga kapena zipsera za opaleshoni yakale.