Ndemanga: kachipangizo kosandutsa khoma kukhala bolodi la kompyuta

Ndimaphunzitsa masamu a Fomu 3 ndi 4 madzulo, ndipo pulojekita ndinali nayo kale. Chimene ndinagula ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi kamera ya infrared, pamodzi ndi zolembera zake. Kabokosiko mumakakhazika pamwamba pa pulojekita moyang'ana kukhoma, n'kukalumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB. Mukakanikiza nsonga ya cholembera pakhoma, kababu ka m'kati mwake kamatulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu saona, ndipo kamera imauza kompyuta malo amene mwakhudza. Mumalemba, kufufuta ndi kutsegula mafayilo muli chiimire kutsogolo kwa ophunzira.

Nzeru yake ndi yomwe Johnny Chung Lee anaonetsa mu 2007 ali pa Carnegie Mellon University, pogwiritsa ntchito rimoti ya makina amasewera a Nintendo Wii, imene kamera yake imatsata timadontho 4 ta infrared nthawi imodzi. Ndisanagule ndinakopeka ndi pulojekita ya Sony Xperia Touch ya mu 2017, yomwe mumangokhudza tebulo ndi chala popanda cholembera. Koma mtengo wake unali pafupifupi madola 1,700, malo okhudza ndi mainchi 23 okha, kuwala kwake malumeni 100. Kunyumba ndi yabwino, koma mwana wokhala kumbuyo m'kalasi sangaone kanthu.

Phindu lenileni ndaliona pa malamulo a sekolo. Pa bolodi la choko ndinkajambula sekolo imodzi, n'kuwauza ana kuti ngodya zonse zochokera pa chord (mzere wolumikiza malo awiri a m'mphepete mwa sekolo) imodzi, mbali imodzi, n'zofanana, iwo n'kungovomera poti aphunzitsi anena. Pano ndimatsegula pulogalamu ya masamu ya GeoGebra, yomwe ndi yaulere, n'kupatsa mwana cholembera kuti akoke yekha kadontho m'mphepete mwa sekolo. Kadontho kamayenda, mizere imatalika ndi kufupika, koma nambala ya madigiri siisuntha. Ana amene kale ankabisala akamva kuti wina abwere kutsogolo tsopano amachita kulimbirana, ndipo mafunso awo asintha: akufunsa chimene chingachitike kadontho kakadutsa mbali ina ya chord. Pa zimenezi zokha ndalama yanga sinapite pachabe. Zonse zimene talemba tsikulo ndimazisunga ngati PDF n'kuzitumiza pa WhatsApp kwa amene anajomba.

Zovuta zilipo, ndipo wogulitsa sanazitchule. Chachikulu ndi dzuwa. Kuwala kwake kuli ndi infrared yambiri, choncho likalowa pawindo n'kumenya khoma, kamera imasokonezeka, kamuvi ka kompyuta n'kumalumpha kokha kapena kulemba mizere imene simunalembe. Makatani okhuthala ndi ofunika monga kachipangizo komweko. Khoma nalo limasankha: penti yonyezimira imathobwa m'maso, pulasitala wamanyamanya amapindika zilembo ndi kudya nsonga ya cholembera. Ine ndinakhoma pulayiwudi yosalala n'kuipaka penti yoyera yosanyezimira, vuto linatha.

Mthunzi umafuna kuzolowera. Mukaima pakati pa kamera ndi cholembera, mzere umaduka, kotero mumalemba mutaima chammbali dzanja litatambasuka. Amene ali ndi pulojekita yokhala pafupi kwambiri ndi khoma, kapena yopachika kudenga, savutika chonchi. Yanga imakhala pa tebulo, ndiye mwana akangogunda tebulolo muyenera kuyambiranso kukhudza timitanda timene kompyuta imaonetsa m'makona kuti cholembera chigwirizane ndi chithunzi. Zimatenga mphindi yochepa, koma pakati pa phunziro zimadula maganizo a ana. Mukalemba mothamanga, inki imatsalira pang'ono kumbuyo kwa dzanja, ndipo tizilembo ting'onoting'ono ngati ta mapawa timatuluka mosaoneka bwino.

Magetsi akazima kabokosiko kamakhalabe koyaka chifukwa kamadya ku laputopu, koma pulojekita ya babu imafuna mawati opitirira 200, choncho bolodi la choko musalichotse.

Ngati pulojekita muli nayo kale ndipo kuwala kwake kukufika malumeni 3,000, gulani kabokosika. Musanalipire, funsani ngati pulogalamu yake imagwira pa Windows imene muli nayo popanda intaneti, ndiponso ngati cholembera chimagulitsidwa pachokha, chifukwa chikagwa n'kusweka kababu, kabokosi konse kasanduka kopanda ntchito.