Automation ndi BeamNG.drive: ndemanga yanga nditathamangitsa galimoto yopanga ndekha

Magemu awiriwa ndakhala nawo miyezi isanu tsopano ndipo Loweruka lapitali ndachita mpikisano wanga woyamba wa pa intaneti, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona poti anzanga angapo kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa ngati ndalama yake ikugwirizana ndi katunduyo. Ine ndikuti eee ikugwirizana, koma mumve kaye nkhani yonse.

Automation ndi gemu ya kampani yaing'ono ya ku New Zealand, Camshaft Software. Mmenemo umapanga galimoto kuyambira ku injini, umasankha wekha masilinda akhale angati, mapisitoni akule bwanji, kompuresheni, kabuleta kapena injekishoni, turbo uyike kaya ayi, kenako magiya, matayala, mabuleki, masipuling'i mpaka nyali ndi mabampala. Zaka zake ndi kuyambira 1946 kufika 2020, ndiye ukasankha 1975 upeza zipangizo za nthawi imeneyo basi. BeamNG.drive ndi ya anthu ena a ku Bremen ku Germany, imeneyo ndi yoyendetsa. Kuyambira 2018 galimoto yomwe wapanga mu Automation umatha kuitumiza ku BeamNG nkuiyendetsa wekha, ndipo kumeneko kulibe chinyengo, ukagunda khoma chitsulo chimapindika, tayala limakhota, ledieta ikabooka madzi amatha injini nkutentha mpaka kuzima.

Ineyo ndimagwira ntchito pa galaja ya amalume anga ku Luwinga, tsiku lonse ndi ma Sienta ndi ma Probox, kusintha mabushi, mashoko, mapadi. Chomwe chinandikoka nchoti pa galaja timangokonza zomwe ena anaganiza kale, pomwe umu woganiza ndiwe ndipo zolakwa zonse ndi zako.

Mpikisanowu ndinaupeza pa gulu lina la pa Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti yomwe osewera magemu amaikonda. Malamulo anali akuti galimoto ikhale ya chaka cha 1990, injini isapitirire malita 2, petulo wamba, komanso panali malire a mtengo woti galimotoyo isadutse. Tinalipo anthu 14, ena aku Poland, Brazil, Germany, wa ku Malawi ndinali ndekha. Wina anandifunsa kuti Mzuzu ndi kuti ndinamuuza kuti kumpoto kwa dziko, kozizira, kolima khofi, ukatsika msewu wa ku Nkhata Bay wafika kunyanja.

Galimoto yanga yoyamba ndinathira ndalama yonse ku injini. Malita 2, turbo yaikulu, ndinakweza kompuresheni mpaka gemu inayamba kundichenjeza kuti injini ikugogoda petuloyo sakukwanitsa, ndinatsitsa pang'ono chabe kuti chenjezo lichoke. Za mabuleki ndinaika zotchipa poti ndalama inali itatha. Poyeserera ulendo woyamba ndi wachiwiri kuzungulira bwalo zinali bho, ulendo wachitatu ndikuponda buleki pa kona yotsetsereka galimoto osamva, inangopitirira mpaka mu chitsulo cha m'mbali, kutsogolo konse kuphwanyika nthunzi ikutuluka. Mabuleki anali atatentha. Amalume anali ataima kumbuyo kwanga akumwa tiyi ndipo anangofunsa kuti, "Iwe mphwanga, galimoto imeneyi ungatsike nayo Chiweta?" Amene munatsikapo phiri lija popita ku Karonga mukulidziwa fungo la mabuleki a matiraki pa makona aja. Funso limenelo ndi lomwe linandibweza, ndinafufuta zonse nkuyambiranso.

Yachiwiriyi ndinapanga ya malita 1.6 yopanda turbo, bodi yaing'ono yopepuka, ndalama yotsala ndinaiponya ku madisiki aakulu kutsogolo, mapadi abwino ndi matayala otambalala pang'ono. Magiya ndinawayandikizitsa kuti potuluka pa kona injini isamagwe mphamvu. Apa ndi pomwe ndinatha masabata awiri, usiku ulionse kusintha kanthu kamodzi, kutumiza ku BeamNG, kuyendetsa, kulemba nthawi mu kope, kubwereranso. Tsiku lina ndinalimbitsa masipuling'i akumbuyo mopitirira ndipo matako a galimoto anayamba kuthawa pa kona iliyonse, nditafewetsa inakhala pansi bwinobwino ngati yamatidwa. Zinthu zomwe ndimazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku ndinayamba kuzimvetsa chifukwa chake zili choncho, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikuwayamikira kwambiri anthu opanga magemuwa, kanthu kakang'ono ukasintha kamamveka ndithu pa msewu.

Tsiku la mpikisano linali la June weniweni wa ku Mzuzu, kamvula kowaza kuyambira m'mawa, ine mu jekete ndi chipewa. Magetsi anazima masana mtima unali m'mwamba, mwamwayi anabwera cha m'ma 6. Tinayamba 8 koloko usiku, ndipo mu June nthawi ya ku Germany ndi Poland imafanana ndi yathu ndiye sindinachezere. Kuti muthamange pamodzi pamafunika BeamMP, kapulogalamu kaulere kopangidwa ndi osewera anzathu, ndipo polowa umayenera kudawunilodi galimoto ya munthu aliyense, bandulo yanga inatsika ndikuona. Bwalo linali Automation Test Track, kuzungulira ka 10.

Pa kona yoyamba magalimoto atatu anawombana, ine ndinadutsa mkati manja akunjenjemera. Pa msewu wowongoka a turbo aja amandisiya ngati ndaima, phokoso lawo lokha kumamveka kutali, koma kufika pa makona ndimawapezanso chifukwa ine ndimachedwa kuponda buleki iwo atayamba kalekale. Netiweki yanga imadukaduka moti nthawi zina galimoto ya kutsogolo imaoneka ngati yalumpha, ndiye ndimasiya mpata kuti ndisamugunde munthu mosadziwa nkumuonongera ntchito yake ya masabata. Ulendo wa 7 mnyamata wa ku Poland yemwe ndinalimbana naye nthawi yonse anafika pa kona yotsetsereka ija, yomweyo inandiphwanyira galimoto yoyamba, nyali za mabuleki zikuyaka koma galimoto osaima, anangopita. Ndinamumvera chisoni zenizeni poti ululu wake ndimaudziwa. Ndinathera pa nambala 5. Titamaliza iye yemweyo anandipempha fayilo ya galimoto yanga, anaitsegula kwawo nkuyamba kundifunsa za magiya ndi kagawidwe ka buleki kutsogolo ndi kumbuyo, tinacheza mpaka 11. Munthu wa kutali choncho kuphunzira pa chinthu chopangidwa pa tebulo la ku Luwinga, sindinagone msanga usiku umenewo.

Kwa amene mukufuna kugula dziwani izi. Ndi magemu awiri ndipo iliyonse umagula payokha pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndalama yake yakunja, ine anandithandiza kulipira ndi msuweni wanga ali ku Joni. Amafuna kompyuta yamphamvu, laputopu yanga ya 8GB imakwanitsa ndikatsitsa kukongola kwa zithunzi mpaka pansi koma magalimoto akachuluka fani imalira ndipo ndimaikweza pa timatabwa kuti ipume. Kiyibodi musavutike nayo, buleki yake ndi yoponda yonse kapena osaponda, ine ndinagula padi yakale yosewerera magemu ku Taifa ndipo nthawi yanga inasintha tsiku lomwelo. Komanso ngati mumafuna gemu yongotsegula nkuyamba kuthamanga Automation ikutopetsani, masiku oyamba umangokhala pa magirafu ndi manambala, zonse mu Chingerezi.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, yotsalayo ndidzaona ndikadzayesa pa kompyuta yabwino ndi chiwongolero chenicheni. Mpikisano wotsatira akuti ndi wa galimoto za banja za mipando 7 pa msewu wa fumbi, ndayamba kale kupanga yofanana ndi Sienta ya malita 1.5, ndipo amalume andiuza kuti ndiikweze kaye kuti italikirane ndi pansi ndisanakhudze injini.