Tsumago: usiku umodzi m'nyumba ya agogo okalipa

Ndikanalemba ndemangayi usiku umene tinafika ndikanapereka nyenyezi imodzi. Tinalipira mayeni 11,000 munthu mmodzi, ndi chakudya chamadzulo ndi cham'mawa chomwe, m'nyumba ina ya alendo yoyendetsedwa ndi banja, zomwe kuno amati minshuku, pa msewu waukulu wa Tsumago, mudzi wakale wa ku Japan. Ndinali ndi mayi a kunyumba, omwe anabwera kudzandiona ku Nagoya kumene ndili pa sukulu.

Tinakwera sitima mpaka Nakatsugawa, basi mpaka Magome, n'kuyamba wapansi makilomita 8 a njira yakale ya Nakasendo mpaka ku Tsumago. Mu November kuno mdima umagwa 5 koloko isanakwane, ndipo ife tinanyamuka mochedwa. Titangodutsa pamwamba pa phiri mvula inayamba. Chakufupi ndi mathithi a Odaki ndi Medaki mayi anaterereka pa miyala n'kubinya phazi. Kuchokera pamenepo tinayenda pang'onopang'ono, iwo atandikolowekera mkono paphewa, ine ndikuwunikira ndi foni. Belu lililonse lothamangitsira zimbalangondo lomwe tinalipeza m'mbali mwa njira ndinkaliliza ndi mphamvu zanga zonse, chifukwa mantha anali atandigwira ndithu.

Tinafika cha m'ma 6:40, titanyowa mpaka mkati. Anatsegula chitseko ndi bambo wachikulire, wa zaka za m'ma 70 mwina. Moni ayi, pepani ayi. Anangoloza wotchi ya pakhoma n'kumabwereza mokweza kuti "roku-ji, roku-ji", kutanthauza 6 koloko, nthawi ya chakudya. Mayi ataima ndi mwendo umodzi, madzi akuchucha m'chitenje chomwe anafunda kumutu, agogowo akungoloza wotchi. Kenako anawerama, n'kutola nsapato zathu zonse ziwiri osanena kanthu, n'kulowa nazo kuseri. Mtima unandiwawa kwambiri. Munthu wovulala umayamba wam'patsa pokhala, za nthawi mumakamba pambuyo. Komanso za 6 kolokozo zinalembedwa m'Chijapani chokhachokha, pansi penipeni pa uthenga wotsimikizira malo. Alendo ambiri oyenda njira imeneyi ndi akunja, nanga mzere umodzi wa Chingerezi ukanawavuta chiyani?

Chakudya tinachipeza chitayalidwa kale pa katebulo kafupi, chitazizira. Nsomba ya mumtsinje yootcha ndi mchere inali itauma, supu yokha ndiye anatitenthetsera. Ndinadya ndili ndwii. Mayi ndi amene anayamba kuseka ataona kambale ka ziwala zophikidwa mu soya ndi shuga, akuti sankayembekezera kudzapeza ndiwo za kumudzi kutali konse kuno. Zinali zokoma, kungoti zotsekemera kuposa mmene ife timazikazingira. Panalinso gohei-mochi, mpunga wosinja womata pa kamtengo, wopaka msuzi wa mtedza n'kuwamba pa moto. Imeneyo ngakhale yozizira ndinaimaliza.

Tili pakati pa kudya munalowa mayi wina wachitsikana, mpongozi wa pakhomopo, atanyamula beseni la madzi ozizira ndi bandeji. Anagwada n'kumanga phazi la mayi mwaluso, ndipo ndi Chingerezi chake chochepa anatiuza zomwe sitinkadziwa. Akuti agogo aja kuyambira 5 koloko anatuluka kawiri ndi tochi, mvula ili pamutu, kukaima kumene njira ya ku Magome imatulukira, chifukwa nyengo imeneyi zimbalangondo zimatsika m'phiri kufuna chakudya chisanu chisanayambe. Anali atatsala pang'ono kuitana anthu kuti akatisake. Ndinasowa chonena. Mkwiyo sunathe wonse, koma unatsika.

Chipinda ndi chaukhondo, cha mphasa za tatami, ndipo mumagona pa matiresi oyala pansi otchedwa futon. Makoma ake ndi zitseko za mapepala, moti mnzanu wa chipinda china akatsokomola mumamva. Kumazizira kwambiri, kahita kamodzi sikakwanira. Bafa ndi limodzi la alendo onse, mumalowa mosinthana. Salandira khadi, tengani ndalama m'manja.

M'mawa ndinapeza nsapato zathu zitaikidwa pakhomo moyang'ana kunja, zouma gwa. Mkati munali mutatsala kachidutswa ka nyuzipepala, kusonyeza kuti anazifutira mapepala n'kuziyanika pafupi ndi moto usiku. Matope onse anachotsa, ngakhale a m'mizere ya kuphazi, ndipo chingwe cha nsapato ya mayi chomwe chinaduka m'njira anachilumikiza ndi kamfundo kakang'ono kooneka bwino. Agogowo anali pomwepo akusesa, nkhope ili yomweyo ya dzulo. Nditawathokoza anangogwedeza mutu.

Tsumago yeniyeniyo ndiye musaiphonye, makamaka m'mawa mabasi a alendo asanafike. Inali malo a nambala 42 mwa malo 69 opumulirapo pa msewu wa Nakasendo, wa pakati pa Edo (Tokyo wa lero) ndi Kyoto, ndipo mu 1971 eni mudzi anapangana kuti nyumba zawo sadzagulitsa, sadzabwereketsa, sadzagwetsa. Zimaoneka kuti pangano analisunga. Mawaya a magetsi simuwaona pa msewu waukulu, magalimoto saloledwa masana, nyumba zonse ndi za matabwa akuda ndi ukalamba. Chifukwa cha phazi lija tinangolowa malo amodzi, Waki-honjin, nyumba yomangidwa mu 1877 ndi mitengo ya hinoki, yomwe kalelo, m'nthawi ya ulamuliro wa ku Edo, munthu wamba sankaloledwa kudula m'nkhalango za Kiso. Tinakhala pafupi ndi moto wa pakati pa nyumba, utsi ukukwera kudenga, mayi atatambasula mwendo, ndipo palibe anatifulumizitsa. Mashopu amatseka cha m'ma 5 koloko, usiku kulibe kogula kanthu, choncho amene wagona kuno adziwe kuti chakudya chake ndi cha pa nyumba yomwe wafikirayo basi. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya 6 koloko amaitenga ngati lamulo.

Titabwerera kudzatenga zikwama ndinafunsa za nthawi ya basi yopita ku siteshoni ya Nagiso. Agogo aja sanayankhe, anangotitsogolera kuseri kwa nyumba kumene kunali kagalimoto kawo, n'kutsegulira mayi chitseko. Ali m'njira anapatuka dala kuti tione mlatho wa Momosuke, wa matabwa wolenjekeka pa zingwe, wa mamita 247, womangidwa mu 1922 pa mtsinje wa Kiso. Anaima mphindi zingapo kuti tijambule. Pa siteshoni ndinatulutsa ndalama ya mafuta, anaikankha ndi dzanja ngati ndawanyoza.

Ndapereka nyenyezi zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha mmene anatilandirira pakhomo paja, mkazi wanga ali mu ululu, ndipo zimenezo sindinaziiwale. Koma tikadzabweranso nthawi ya masika tidzafikira pomwepo, ndipo ku Magome tidzanyamuka 1 koloko isanakwane.